Chambo Chachimuna ndi Chisa Chake

(Mau a mlangizi wa za nsomba kwa asodzi a ku Karonga)

Lero tikambirane za chambo chachimuna.

Kodi mukudziŵa kuti mtundu wina wa chambo uli ndi dzina la boma lathu lino? M'chaka cha 1941 mayi wina wa ku England, Ethelwynn Trewavas, anautcha "karongae", ndiye kuti chambo cha ku Karonga. Tsono nsombayi ndi yathuyathu.

Nthaŵi yoswana ikafika, chachimuna cha mtundu umenewu chimasintha maonekedwe. Thupi limada bii, koma m'mphepete mwa chipsepse cha pamsana mumayera. Pansi pa mimba pamatuluka kachingwe ka mphonje. Kenaka chimakumba chisa pamchenga, chozungulira ngati lichero, ndi kumachilonda. Chachimuna chinzake chikayandikira, ndi ndeu basi.

Chachikazi ndicho chimasankha. Chikakonda chisa ndi mwini wake, chimaikira mazira pomwepo ndi kuwatola ndi kukamwa. Chachimuna chimathira mbeu yake, yoyera ngati mkaka. Chachikazi chimatsata mphonje zija ndi kukamwa, ndipo mbeuyo imakumana ndi mazira. Dzira losakumana ndi mbeu siliswa ayi. Limangovunda.

Mwaona? Popanda chachimuna chokhwima, champhamvu, chokhala ndi chisa, palibe ana. Koma ife tikakoka khoka pamalo oswanirana, timagwira zokhwima zomwezo ndi kufafaniza zisa. Timagwiranso zazikazi zimene zili ndi ana m'kamwa.

M'chaka cha 2018 bungwe la IUCN, loona za zamoyo padziko lonse, linaika chambo chimenechi m'gulu la nsomba zimene zatsala pang'ono kutheratu. Chikatha, ana athu adzagulitsa chiyani?

Tsono tichite izi:

1. Nyanja ikatsekedwa mu Novembala, khoka likhale kumtunda.
2. Tisakoke khoka pamene pali zisa.
3. Tisagwire kasawala. Ndiye chambo cha maŵa.
4. Inu a maiŵe, posankha mbeu sungani zazimuna zathanzi, zopanda zilonda. Musagulitse zabwino zonse ndi kusiya zofooka.

Mukakawauze anzanu a ku Kaporo, ku Ngara ndi ku Chilumba.

Mafunso

1. Kodi chambo chachimuna chimaoneka bwanji nthaŵi yoswana?
2. Kodi khoka limaononga chiyani pamalo oswanirana?