TSIKU LOPUMULA LA MWINI BWATO LA ROB ROY

Nkhani yathu ya usiku uno iri ya munthu amene anayenda mamailosi 1,000 m'kabwato kakang'ono pa mitsinje ya maiko acilendo, koma tsiku limodzi mwa masiku 7 sanali kugwira nkhafi.

Dzina lace ndiye John MacGregor, mwana wa anthu a ku Scotland, wobadwa m'caka ca 1825, amene anali loya mu mzinda wa London. Poyenda ku America anaona timabwato ta anthu a kumpoto kozizira, totsekeka pamwamba, tokhala ndi malo a munthu mmodzi yekha. Timabwato totere timachedwa kayaki. Atabwerera kwao anauza amisiri kuti ampangire kace ka matabwa, nakacha dzina lakuti Rob Roy. Kutalika kwace kunali mafiti 15, kulemera kwace mapaundi 80, ndipo nkhafi yace inali yopalasira mbali zonse ziwiri.

M'mwezi wa July, 1865, ananyamuka pa mtsinje wa Thames. Anapalasa pa Meuse, pa Rhine ndi pa Main. Anatsika ndi Danube kucokera kufupi ndi gwero lace ku Donaueschingen kufikira ku Ulm. Anaoloka nyanja za Constance, Zurich ndi Lucerne. Pomariza anatsata Marne ndi Seine nalowa m'Paris. Pakati pa mtsinje ndi mtsinje unzace bwato linakwera sitima ya pamtunda kapena ngolo ya ng'ombe. Ulendo wonse unatha pafupifupi miyezi itatu, ndipo katundu wace yense anakwana m'kathumba kamodzi.

Musayese kuti kupalasa ndi masewera cabe. Wopalasa akhala pansi miyendo iri cotambalala kuyambira m'mawa kufikira madzulo. M'manja muturuka matuza, mapewa ndi msana ziwawa, ndi zobvala siziuma konse. Pa madzi osaya, kapena pamene eni zigayo anachinga mtsinje, ayenera kutsika ndi kukoka bwato. Pa madzi othamanga pakati pa miyala diso liyenera kuona njira msanga, dzanja ndi kumvera pomwepo. Munthu wotopa acedwa kuona ndiponso acedwa kucita, ndipo pa mbali yaikulu ya ulendowo MacGregor analibe mnzace womuvuula akagwa m'madzi.

Iyeyu anali Mkristu wolimba, cotero tsiku la Sabata sanali kuyenda. Madzulo a Loweruka anali kukweza bwato pa mtunda, nalisungitsa pa nyumba ya alendo ya mudzi umene wafikamo. Cifukwa cace cinali ca cipembedzo, koma phindu linafika ndi ku thupi lomwe. Tsiku lotere matuza ayamba kupola, zobvala ziuma, tulo tikwanira, ndipo pofika Lolemba munthu abwerera ku madzi maso ali gwa.

Palinso phindu lina. Munthu ali m'bwato aona anthu patali, iwo pa gombe, iye pakati pa madzi; akweza dzanja, napitirira. Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Koma mlendo akagona kawiri pa mudzi umodzi ayamba kudziwika. Anthu a m'midzi ya ku Germany ndi Switzerland anali asanaone bwato lotere, ndipo anabwera ambiri kudzaliona ndi kumfunsa mafunso. Iye anaceza nao, nawapatsa timapepala ta mau a Mulungu timene ananyamula. Zimene anaona anazilemba ndi kuzijambula, ndipo m'caka ca 1866 anaturutsa buku lochedwa A Thousand Miles in the Rob Roy Canoe. Bukuli linakondweretsa anthu kwambiri, kotero kuti caka comweco iye ndi anzace anayambitsa bungwe la opalasa timabwato, limene pambuyo pace linachedwa Royal Canoe Club. M'zaka za 1868 ndi 1869 anapalasanso ku Egypt ndi pa mtsinje wa Jordan. Anamwalira m'caka ca 1892.

Tsono abale anga, nkhaniyi itiphunzitsa ciani? Alipo ena mwa ife amene ayesa tsiku lopumula ngati tsiku lotayika. Wina afunafuna ganyu kuti aonjeze ndalama. Wina akhala ku mowa kuyambira Loweruka kufikira mbandakuca wa Lolemba. Onse awiri afika ku nchito ali otopa koposa umo anawerukira. Koma pansi pa mgodi, kapena pafupi ndi makina, diso lolemera ndi tulo liika pa ngozi mwini wace pamodzi ndi anzace onse a m'gulu lace. Amene adzalira ndiwo mkazi ndi ana.

MacGregor analibe kapitao womuuza kuti apume. Anadziikira yekha lamulo, nalisunga ngakhale pamene madzi anali abwino ndi njira yaitali. Kuthamanga si kufika. Tsiku lanu lopumula likafika, gonani tulo tokwanira, cezani ndi ana anu, dziwanani ndi mnansi wanu wa mtundu wina amene mungopatsana naye moni pa mseu, ndipo lembani kalata kumudzi.