A ku Vubwi, tengani makasu

Amai ndi atate, nanu anyamata a kuno ku Vubwi, tamverani. Mu 2012 anatipatula ku Chadiza, tinavina kuti nafenso tsopano tili ndi boma lathu. Koma taonani mseu wa ku Chipata! Mvula ikagwa, galimoto zimabwerera panjira. Pokolola, ogula cimanga ndi soya amatidula mtengo, ati mseu wanu uononga matayala.

Pa Ciweru m'mawa tikumane pa msika. Bwerani ndi makasu ndi mawilibala, a ngolo mutute miyala, tikwirire maenje oipitsitsa. Kulibe allowance, ndaneneratu. Tikatsiriza, tipite ku khonsolo matope ali kumiyendo, tikafunse bwinobwino kuti K30.6 miliyoni ya CDF ya 2024 inagwira nchito yanji kuno.