Akuba ndi Mtengo wa Inshuwalansi ya Range Rover ku Britain

M'chaka cha 2023, anthu ambiri a mu mzinda wa London amene anali ndi magalimoto a Range Rover ankatsegula kalata yochokera ku kampani ya inshuwalansi mtima uli m'mwamba. Kalata yotere imabwera kamodzi pachaka, pangano lakale likatsala pang'ono kutha, ndipo imanena ndalama zimene mwini galimoto ayenera kulipira kuti panganolo lipitirire. Ena anapeza kuti mtengo wawirikiza kawiri kapena katatu. Ena anauzidwa poyera kuti kampaniyo sikufunanso kumva za galimoto yawo, ngakhale kuti anali asanachitepo ngozi ndi kamodzi komwe. Amene anawaputira zonsezi anali akuba.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, nkofunika kuyamba ndi inshuwalansi imene. Mutu umodzi susenza denga: anthu ambiri amasonkha ndalama m'thumba limodzi, ndipo amene tsoka lamugwera amathandizidwa kuchokera m'thumbamo. Ku Britain lamulo lakhala likukakamiza oyendetsa galimoto kukhala ndi inshuwalansi kuyambira mu 1930, koma lamulolo limangofuna yolipira anthu ena amene woyendetsayo angawavulaze kapena kuwaonongera katundu. Yolipira galimoto yobedwa munthu amaigula mwa kufuna kwake. Komatu amene watenga pangongole galimoto ya mapaundi 100,000, umene unali pafupifupi mtengo woyambira wa Range Rover yatsopano mu 2023, alibe kuchitira mwina, pakuti wokongozayo salola kuti chuma chake chiyende pamsewu chopanda chitetezo.

Tsono wosunga thumba uja amawerengera. Pa magalimoto 1,000 a mtundu wakutiwakuti, ogona m'dera lakutilakuti, ndi angati adzabedwe chaka chisanathe? Nanga imodzi ikabedwa, m'thumba mudzatuluka zingati? Tikangowerenga chiwerengero, galimoto imene inkabedwa kwambiri ku Britain m'zaka zimenezo inali Ford Fiesta, kagalimoto kotsika mtengo kopezeka pangodya iliyonse. Koma Range Rover imodzi yatsopano ikasowa, kampani imalipira ndalama zokwanira kulipirira tima Fiesta takale tambirimbiri.

Wakuba wa masiku ano saswa galasi. Magalimoto ameneWa satsegulidwa ndi kiyi wolowetsa pachitseko; mwini amangokhala ndi kachipangizo m'thumba, ndipo iko ndi galimoto zimalankhulana ndi mafunde a wailesi. Galimoto ikamva kuti kachipangizoko kali pafupi, imatsegula zitseko ndi kulola injini kulira. Omvera akudziwa m'mene nsanja za wailesi zimalandirira mawu ochokera ku Blantyre ndi kuwaponya ku maboma akutali, kotero kuti wa ku Karonga amamva ngati wolankhulayo ali m'nyumba mwake. Akuba anatenga nzeru yomweyo. Amabwera awiri usiku. Mmodzi amaima pakhomo la nyumba ndi makina olandira mafunde a kiyi amene wasiyidwa patebulo m'katimo, mnzake amaima pambali pa galimoto ndi makina ena. Galimoto imanyengeka, imayesa mbuye wake wafika, ndipo pakangotha mphindi imodzi kapena ziwiri yapita. Njirayi itayamba kutsekedwa, ena anaphunzira kuboola thupi la galimoto kapena kuchotsa nyali kuti afike pa mawaya ndi kulamula kompyuta yake mwachindunji.

Magalimoto obedwawo ena amaphwasulidwa m'magalaja obisika ndi kugulitsidwa ngati zipangizo. Ena amalongedzedwa m'makontena ndi kutuluka pa madoko onga Felixstowe ndi Tilbury, kulowera ku Middle East ndi ku Africa. Mu 2015 galimoto ya Lexus inabedwa ku London, akubawo osadziwa kuti inali ndi kachipangizo kosonyeza kumene ili. Apolisi anailondola kudzera ku Le Havre m'dziko la France, ku Oman, ku Mombasa, mpaka ku Kampala. Kumeneko anaipeza pamodzi ndi magalimoto ena 28 obedwa ku Britain, ndipo ambiri mwa iwo anabwezedwa kwawo mu 2016.

Bungwe la makampani a inshuwalansi ku Britain, la Association of British Insurers, linanena kuti mu 2023 mamembala ake analipira mapaundi 669 miliyoni pa milandu ya kuba magalimoto ndi katundu wa m'magalimoto, kuposa chaka china chilichonse m'mbuyomo. Chaka chomwecho mtengo wa inshuwalansi kwa woyendetsa wamba unakwera ndi 25 pa 100 iliyonse, ngakhale kuti mbali yaikulu ya kukweraku inachokera ku kudula kwa zipangizo ndi ntchito yokonza magalimoto. Kuyambira mu Januwale 2022 panali kale lamulo loletsa kampani kulipiritsa kasitomala wakale ndalama zoposa zimene ingalipiritse watsopano wofanana naye. Lamuloli ndi labwino ndithu, koma mwini Range Rover silinamupulumutse, chifukwa wakale ndi watsopano yemwe onse anakwezeredwa limodzi. Atafuna kuigulitsa, anapeza kuti ogula nawonso akuopa inshuwalansi yomweyo, motero mtengo wa galimoto yake unatsika.

Kampani yopanga magalimotowa, Jaguar Land Rover, imene mwini wake ndi Tata Motors ya ku India kuyambira mu 2008, inaona kuti malonda ake ali pangozi. Mu Okutobala 2023 inayamba kugulitsa inshuwalansi yakeyake. Mwezi wotsatira inalengeza kuti yaika mapaundi 10 miliyoni okonzera kompyuta za magalimoto opangidwa kuyambira mu 2018 mpaka 2022, eni ake osalipira kanthu. Mu 2024 inapereka ndalama zoposa mapaundi 1 miliyoni kuthandiza apolisi ofufuza m'madoko, ndiponso inalonjeza ogula Range Rover yatsopano mapaundi 150 pamwezi othandizira inshuwalansi, mpaka zaka zitatu. Bambo Adrian Mardell, amene anali mkulu wa kampaniyo panthawiyo, anadandaula kuti a inshuwalansi sakuyang'ana umboni wosonyeza kuti magalimoto atsopano sabedwa kawirikawiri. Dandaulo lawo linali ndi mfundo. Komabe nkovuta kuimba mlandu wosunga thumba amene walumidwa kale akamachedwa kukhulupirira.

Chodabwitsa nchakuti zina mwa zimene apolisi amalangiza eni magalimoto odulawa ndi zachikale zedi. Chitsulo chokhoma chiwongolero, chimene anthu anachitaya poyesa kuti nthawi yake inatha, chinabwereranso m'masitolo. Kiyi amasungidwa m'kathumba kotchinga mafunde kapena m'chitini chotseka, kutali ndi khomo. Makampani ambiri a inshuwalansi salandira galimoto yotere ngati ilibe kachipangizo koilondolera, ndipo amafunsa kumene imagona. Apa mpofunika kusamala: munthu akalemba kuti galimoto imagona m'galaja, tsono nkubedwa pamsewu pakhomo pake usiku, kampani ikhoza kukana kulipira kapena kudula malipirowo.

Ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique magalimoto amayenda kumanzere kwa msewu monga ku Britain, kotero galimoto yochokera kumeneko imayenda kuno popanda kusintha chiwongolero, ndipo ambiri amaitanitsa magalimoto akale kuchokera ku Britain mwa njira yolongosoka. Wogula galimoto yodula pa mtengo wotsika modabwitsa ayenera kuyamba wapita ndi nambala ya chasisi ku polisi, kumene amatha kuifufuza m'kaundula wa Interpol wa magalimoto obedwa. Galimoto ikapezeka m'kaundulamo imalandidwa, ndipo amene anaigulitsa nthawi zambiri amakhala atazimirira kale ndi ndalamazo.