KULONDOLA MAKOLO M'MABUKU AKALE

Pa migodi ya Luanshya, Nkana, Mufulira ndi Nchanga alipo anthu ambiri amene anabadwira m'komboni, atate ao anabadwiranso momwemo, ndipo akafunsidwa kwao amachula mudzi umene sanauonepo ndi maso. Masiku a mtendere funsoli lioneka lacabe. Koma limafika tsiku la maliro, kapena la kugawa cuma ca masiye, kapena la kukapempha malo kwa mfumu munthu atapuma nchito, pamene akuru afuna kumva bwino lomwe: "Kodi inu ndinu mwana wa yani, mdzukulu wa yani?" Ngakhale Dr. Kenneth Kaunda, amene analamulira dziko lino zaka 27, funso lomweli linamfikitsa pa mlandu. M'caka ca 1999 bwalo lalikuru la ku Ndola linaweruza kuti iye alibe dziko, popeza makolo ace anacokera ku Nyasaland, ndipo nkhaniyo inatha mu 2000 pamene bwalo lapamwamba linamvomereza kuti ndi mbadwa ya Zambia.

Ku Ulaya kuli anthu amene nchito yao yolandirapo malipiro ndiyo kulondola makolo a anthu ena. A ku England ali ndi mwai, pakuti ansembe kumeneko analamulidwa kulemba maubatizo, maukwati ndi maliro kuyambira 1538, ndipo Boma linayamba kulemba ana obadwa mu 1837. Kuno sizinatero. Lamulo lakuti mwana ali yense alembedwe linadza mu 1973. Cotero wolondola makolo kuno, ngakhale akhale wophunzira cotani, ayamba ndi kukhala pa mphasa pamaso pa nkhalamba, pepala libwera pambuyo.

Nkhalamba yoyenera kuyamba nayo ndiyo yaikazi. Pakati pa Acewa ndi Ansenga mbumba imatsata kwa amai, ndipo agogo akazi ndiwo adziwa mabere onse, wamkuru ndi wamng'ono, ndi mudzi umene unagawika cifukwa ca ndeu. Iwo sadzachula caka ai. Adzanena kuti uje anabadwa Azungu atathyola Angoni a Mpezeni, ndiyo 1898. Kapena kuti anamwalira ndi cimfine cacikuru cija, ndiyo 1918. Kapena kuti anafika kuno pothawa njala ya ku Nyasaland, ndiyo 1949. Wofufuza wanzeru alemba mau amenewa monga momwe anenedwera, osakonza kanthu, ndipo afunsanso maina onse a munthu mmodzi: la ubwana, la pa ubatizo, ndi lija anadzipatsa yekha ku nchito.

Tsono atenge ulendo wa ku mapepala. Ku Lusaka kuli nyumba ya Boma yosungiramo makalata akale, National Archives, ndipo m'menemo muli mabuku amene Abwana a pa maboma analembamo mafumu, midzi ndi mbiri ya madera ao. Ku Ndola kusungidwa makalata a makampani a migodi. Koma cuma ceniceni ca munthu wamba cipezeka kawiri-kawiri pa mishoni. A Dutch anafika ku Magwero, pafupi ndi Fort Jameson (ndiye Chipata lero), mu 1899; Abambo Oyera anamanga Kachebere mu 1903; a U.M.C.A. anakhazikika ku Msoro mu 1911. Buku la ubatizo limachula mai, ndipo pamenepo liposa mabuku ambiri a Boma.

Pakuti pepala la Boma linali ndi cace cimene linafuna. Kaundula wa msonkho anafuna mwamuna wolipira. Citupa cinafuna mwamuna woyenda. Ofesi ya komboni inafuna dzina, nambala, mudzi, mfumu ndi boma. Mkazi, amene ndiye tsinde la mbumba, aoneka m'mphepete cabe, kapena saoneka konse. Munthu wolondola dzina la atate lokha pakati pa Aphiri ndi Abanda osawerengeka adzasokera msanga, nadzadzipatsa agogo a eni.

Maina nawo ali ndi mbuna zao. Kalaliki analemba cimene khutu lace linamva, ndipo dzina limodzi likhoza kupezeka litalembedwa mwa njira zitatu. Anyamata opita ku Halale kapena ku migodi anatenga maina atsopano onga Foloko ndi Supuni, amene kumudzi sanawadziwa. Ena, pofunsidwa dzina la atate, anachula la amalume, popeza ndiwo anali eni mbumba. Mbuna yoopsa koposa ndiyo ya kulowa dzina. Mfumu ikamwalira, mphwace kapena mwana wa mlongo wace alowa dzina lomwelo, natenga ndi ubale womwe, kotero kuti anena "ine" pofotokoza zimene anacita munthu wakufa kale. Mpwitikizi Gamitto, amene anapyola dziko la Acewa mu 1831, analemba za Undi ndi Mkanda. Maina amenewo apezekanso m'mabuku a Boma patapita zaka 100. Wowerenga mosasamala angayese kuti ndi anthu awiri okha amene anakhala ndi moyo nthawi yonseyo.

Pamene mau a akuru ndi pepala zikomana bwino, zotsatira zace zikondweretsa. Angoni anasunga mbiri yakuti tsiku limene Zwangendaba anaoloka Zambezi, pafupi ndi Zumbo, dzuwa linada usana. Panalibe ndi mmodzi yemwe wa iwo wodziwa kulemba. Koma akatswiri a zakumwamba amadziwa kuwerenga masiku a kadamsana, ngakhale akale, ndipo anapeza kuti dzuwa linadadi m'dera limenelo m'mwezi wa November, 1835. Akuru ananenanso kuti Ntutu, amene pambuyo pace anachedwa Mpezeni, anaoloka mtsinjewo akali mwana. Iye anamwalira mu 1900. Motero Mngoni wa ku Chipata amene agogo ace anamuuza kuti kholo lao linali la msinkhu umodzi ndi Mpezeni ali naco kale caka coyambirapo kuwerenga.