Chimbale Chikaphulika, Amadya Ndani? (Zomwe ndinayankhula pa msonkhano wa kalabu)

Funso langa lero ndi ili: tikamati chimbale chaphulika, timadziwa bwanji, nanga amadya ndani?

Kunja amachita kuwerenga. Mu 1986 gulu loyimba la ku Sweden lotchedwa Europe linatulutsa chimbale chake chachitatu, The Final Countdown. Chinafika pa nambala 8 pa mndandanda wa Billboard ku America, ndipo nyimbo ya dzina lomwelo inakhala nambala 1 m'mayiko 25. Kuti chimbale chikwere choncho, ndiye kuti anthu apisa m'thumba n'kugula.

Kwathu kuno tili ndi chitsanzo chathu. Mu 1999 Evison Matafale wa ku Chileka anatulutsa Kuimba 1. Tinalibe Billboard, koma afunseni akulu anu, akuuzani kuti chinkalira m'minibasi, m'magolosale mpaka m'midzi. Anthu ankagula makaseti, ambiri ochokera kwa O.G. Issa. Matafale atamwalira mu 2001, anyamata a Black Missionaries anapitiriza Kuimba, chifukwa anthu ogula analipo.

Nanga ife lero? Timangotenga memory card, kupita pa Nkhamenya, kukathiritsa nyimbo mazanamazana. Wothirayo wadya. Woyimba, olo tambala.

Anzanga, ife ndife ana a alimi a fodya. Tikudziwa kuthirira nazale dzuwa lili pamutu, kuwokera, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kudinda mabelo. Tangoganizani belo lanu lafika ku Chinkhoma, wina n'kulinyamula ulere, akuyamikira kuti fodya uyu ndi wabwino. Mungaseke? Woyimba naye analipira situdiyo, analipira oyimba zida, anagona ndi njala.

Ndiye pempho langa lili patatu. Choyamba, oyimba akabwera ku Kasungu, tizilowera pakhomo, osati kudumpha mpanda. Chachiwiri, tiziyitanitsa nyimbo za kwathu pa wailesi, chifukwa bungwe la COSOMA, lomwe linayamba mu 1992, limatolera ndalama kumawailesi n'kugawira eni nyimbo. Chachitatu, inu a m'kalabu muno amene mwayamba kujambula, kalembetseni nyimbo zanu ku COSOMA zisanafalikire pa WhatsApp.

Mawa chimbale chophulikacho chikhoza kuchokera kwa Kaluluma konkuno. Tsiku limenelo tisadzamudyere mnzathu masuku pamutu.