KUSANKHA FONI YOTITHANDIZA IFE AMAYI A KUMUDZI

Mau amene analankhula Mlembi wa Amayi a Mvano pa tsiku la chikondwerero, m'dera la Mfumu Mbenje, boma la Nsanje

  Ine si munthu wa sukulu yaikulu, koma nkhani imene ndapatsidwa ndi ya m'manja mwathu tsiku ndi tsiku, ndiyo ya foni. Amayi ambiri akhala akufunsa kuti, "Ndikagulitsa thonje kapena tikagawana ku banki mkhonde, ndigule foni yotani?" Tsono tiyeni tithandizane maganizo, pakuti safunsa anadya phula.

Poyamba tidzifunse kuti foniyo tikuifuniranji. Ambiri a ife tiri ndi ana ku Blantyre, ena ku Joni, ndipo ena amuna athu ali pa ntchito ya nzimbe ku Nchalo. Chimene tifuna ndicho kumva mau ao, kulandira kandalama akatitumizira, ndi kuitana thandizo pakagwa matenda kapena zovuta. Ntchito zonsezi foni ya mabatani imazigwira bwino lomwe. Foni zamakono zopalasa ndi chala nzabwino kwa amene ali ndi magetsi ndi ndalama za intaneti, koma mtengo wake ngwokwera, moto sizisunga, ndipo ikagwa pansi galasi limasweka. Mayi asachite manyazi ndi kafoni kake ka mabatani poona mnzake wanyamula yaikulu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuno kwathu foni si chinthu chodzionetsera ai. Tonse tikumbukira madzi a mu January 2015, pamene anzathu a ku Makhanga anazingidwa, ena napulumutsidwa pa maboti ndi ndege, ndipo anthu ambirimbiri anadzakhala pa msasa ku Bangula. Anabweranso madzi mu March 2019 nthawi ya namondwe Idai, kenaka Ana mu January 2022 ndi Freddy mu March 2023. Namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, mwakuti dziko lonse linavutika ndi kuzimazima kwa magetsi kwa miyezi yambiri. Pa masiku otere foni imene ithandiza ndi imene ikadali ndi moto pa tsiku lachitatu kapena lachinai. Nchifukwa chake ndikuti posankha tiyang'ane zinthu izi.

Choyamba, batire. Funsani wogulitsa kuti ikadzaza imatha masiku angati. Foni ya mabatani yabwino imatha masiku angapo osatchaja ngati simulankhulapo nthawi yaitali. Sankhani imene batire lake limachotseka ndipo limapezeka m'misika yathu, monga pa Bangula, Ngabu kapena pa boma, kuti likatha mphamvu mugule batire lokha, osati foni yonse. Onaninso kuti tchaja yake ndi ya mtundu wofala, yoti mnansi angakubwerekeni. Maina odziwika a mafoni otere ndi monga itel, Tecno ndi Nokia, ndipo amisiri okonza mafoni amawadziwa bwino.

Chachiwiri, ikhale yolowa makadi awiri. Makampani akulu a foni za m'manja m'Malaŵi muno ndi awiri. TNM inayamba mu 1995 ndipo nambala zake zimayamba ndi 088. Ina ija inayamba mu 1999 ndi dzina lakuti Celtel, kenaka Zain, ndipo kuyambira 2010 ndi Airtel, ya nambala zoyamba ndi 099 kapena 098. M'midzi mwathu muno malo ena imagwira ndi iyi, malo ena ndi iyo. Musanagule khadi funsani anansi kuti pakhomo panu pamagwira netiweki iti, ndiponso kuti ana anu ali pa iti, pakuti nthawi zambiri kuimbirana pa kampani imodzi kumatchipa. Mukakhala ndi makadi onse awiri, ina ikazima mudzayesa inzake.

Chachitatu, tochi ndi wailesi. Tochi ya pafoni imathandiza potuluka usiku, makamaka kuno kumene njoka ndi zinkhanira sizisowa, ndiponso poperekeza mayi wapakati ku Kalemba kapena ku chipatala cha boma ku Nsanje. Wailesi ndiyo imatiuza machenjezo a nthambi yoona za nyengo mvula ikachuluka kumtunda, chifukwa madzi a Shire ndi Ruo amatipeza ngakhale kuno kusanagwe dontho. Mafoni ena wailesi yake imalira pokhapokha mutalowetsa timawaya ta m'makutu, ena imalira yokha. Iyeseni pomwepo musanalipire.

Chachinai, mabatani, malemba ndi mau. Amayi achikulire maso ayamba kuchita chidima, choncho musankhe ya manambala akuluakulu ooneka bwino. Muuze wogulitsa aike khadi yanu, aimbire munthu, inu mumve nokha ngati mau akumveka ndiponso ngati winayo akukumvani. Imvaninso kulira kwake, kuti muzitha kuimva muli kumunda kapena pa mtondo.

Chachisanu, pogula pake. Za mtengo sinditchula, chifukwa ndalama yathu inagwa mphamvu mu May 2022 ndiponso mu November 2023, ndipo mitengo imasintha mwezi ndi mwezi. Yendani masitolo awiri kapena atatu kufunsa, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Gulani pa sitolo yodziwika ndipo mulandire lisiti yolembedwa tsiku ndi dzina la foniyo. Funsani ngati adzakusinthirani ikavuta m'masiku oyamba. Foni iriyonse iri ndi nambala yakeyake ya manambala 15. Mukadina *#06# nambalayo imaoneka, ndipo iyenera kufanana ndi imene yalembedwa pa bokosi ndi kunsi kwa batire. Zikasiyana, isiyeni. Lembani nambalayo m'kope kunyumba, pakuti apolisi amaifuna foni ikabedwa. Musagule foni kwa munthu wongoyenda nayo m'thumba, wopanda bokosi ngakhale lisiti, chingakhale atchipitse chotani. Ikapezeka kuti njakuba, woyamba kugwidwa ndi amene ali nayo m'manja.

Tsopano ndinene za khadi, pakuti apa ndi pamene amayi ambiri amalirira. Kuyambira 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti nambala iriyonse ilembetsedwe ndi chiphaso, ndipo ife tiri nacho chiphaso cha unzika chija tinajambulitsa kuyambira 2017. Lembetsani nambala m'dzina lanu, ndi chiphaso chanu. Mayi akalembetsa m'dzina la mdzukulu kapena la mlamu, tsiku limene foni idzatayike adzavutika kubwezeretsa nambala yake pamodzi ndi ndalama zimene ziri momwemo. Chimodzimodzinso musabwereke munthu chiphaso chanu kuti akalembetsere nambala yake, chifukwa akakapalamula mlandu udzafika pakhomo panu.

Foni ya mabatani imalandira ndi kutumiza ndalama popanda intaneti. Pa Airtel Money mumadina *211#, pa TNM Mpamba mumadina *444#. Koma nambala yachinsinsi ija ndi kiyi wa bokosi lanu. Musauze ejenti, musailembe kumbuyo kwa foni, ndipo musasankhe chaka chimene munabadwa. Ngati kuwerenga kukuvutani, sankhani munthu mmodzi wokhulupirika wa m'banja akuphunzitseni kufikira muzitha nokha. Potapa ndalama dikirani uthenga ufike, muwerenge ndalama zanu musanachoke pa kauntala.

Akuba masiku ano safika ndi chikwanje, amafika ndi uthenga. Wina alemba kuti, "Ndalama ija tumizani pa nambala iyi." Wina aimba kuti mwapambana mphoto, koma muyambe mwalipira kangachepe. Wina ati ngwa bungwe lothandiza ovutika ndi madzi ndipo mutumize ndalama kuti dzina lanu lilembedwe. Wina ati mwana wanu wagonekedwa m'chipatala. Amayi, musathamange. Dulani foni, muimbire mwana wanuyo pa nambala imene muidziwa, kapena funsani kwa amfumu ndi a komiti ya m'mudzi. Thandizo loona la boma kapena la mabungwe sililembetsedwa ndi ndalama ya pafoni.

Za kasamalidwe ndinene mwachidule. Dziko lathu lino ndi lotentha, makamaka mu October ndi November, tsono musasiye foni padzuwa kapena pafupi ndi moto, chifukwa batire limafufuma. Likafufuma lichotseni, musaligwiritsenso ntchito. Nthawi ya dzinja ikulungeni m'pulasitiki pamodzi ndi chiphaso ndi buku la kuchipatala, muziike pamalo poti mungazitole msanga ngakhale mu mdima. Mukamva chenjezo la mvula yamphamvu, tchajani tsiku lomwelo. Pokatchajitsa kwa a sola ikani chizindikiro pa batire lanu kuti lisasinthidwe, ndipo ngati nkotheka chotsani khadi. Nambala zofunika, monga za ana, za mlangizi wa zaumoyo, za amfumu, za mwini boti kapena wa njinga yamoto, muzisunge m'khadi ndi kuzilembanso m'kope. Pali nambala ya 116 imene ndi yaulere, yonenerapo nkhanza zochitira ana.

Pomaliza, nkhani yogula foni ikambidwe m'banja poyera. Bambo akakhala ndi foni napita nayo ku ntchito kapena ku dimba, pakhomo pamatsala mayi ndi ana opanda poitanira thandizo. Nkwabwino kuti mayinso akhale ndi yake, ndipo pasakhale zobisirana. Ndipempha kuti m'mudzi uliwonse amayi odziwa kuwerenga aphunzitse anzao kuimba, kusunga nambala ndi kuona ndalama zotsala, ndipo tidziwe nyumba za agogo ndi amasiye amene alibe foni, kuti uthenga wa madzi ukabwera tikawagogodere. Mutu umodzi susenza denga.