KUMANGA NYUMBA M'MBALI MWA DAMBO

Nkhani yokambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Malimidwe

 Nkhani yathu ya lero ndi ya dambo, ndi ya anthu amene ali kupempha ku Khonsolo kuti awalole kumanga nyumba m'mbali mwake.

Kale mapulani a malo anali a m'matauni. Koma lamulo la mapulani la chaka cha 2016 likhudza dziko lonse la Malawi. Tsono pamene pulani yanena kuti malo akutiakuti ngosamangapo, munthu wofuna kudulapo mapuloti ndi kumanga nyumba za lendi ayenera kulemba kalata ku Khonsolo, kupempha kuti amlole iye yekha kuchita chimene ena aletsedwa. Komiti ya mapulani imakhala pansi ndi kuweruza. Ikhoza kuvomera, ikhoza kukana, ikhozanso kuvomera ndi kumuikira malire.

Munthu wotere sabwera ndi mau oipa ai. Amati, nyumba zanga nzowerengeka, ndipo ndingoluma pang'ono kumphepete. Koma Khonsolo ikalola woyamba, idzamkaniza bwanji wachiwiri? Iyenso adzaloza nyumba za mnzake, nati, nanga uyu munamlola chotani?

Inu mudziwa ntchito ya dambo kuposa wina aliyense wa mu ofesi. Pa dzinja limamwa madzi a mvula ndi kuwasunga m'dothi ndi m'mizu ya udzu, niliwatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Ndicho chifukwa chake chitsime cha kumunsi chikhala ndi madzi mwezi wa October, pamene kumtunda kwauma gwa. Ng'ombe zipeza msipu komweko. Dimba la mpiru, matimati ndi chimanga chachiwisi lili komweko, udzu wofolera ndi bango lolukira mphasa zichokeranso komweko. Tsono mukaikapo madenga a malata, misewu ndi mipanda ya njerwa, madzi asowa polowera pansi. Athamanga onse tsiku limodzi, nakumba zigwembe, nasefukira kwa anthu a kumunsi amene sanagulitse kanthu. Anzathu a ku Mtandire mu Lilongwe anaziona mwezi wa February 2017, pamene mtsinje wa Lingadzi unasefukira ndi kulowa m'nyumba zao.

Ngakhale womangayo sapindula monga aganizira. Dothi la makande limafufuma likanyowa, niling'ambika likauma, ndipo khoma limang'aluka pamodzi nalo. Chimbudzi chokumba pamalo pamene madzi ali pafupi chimadzala ndi mvula yoyamba, ndipo zonyansa zake zitsikira m'chitsime chomwe ana anu amamwa. Kolera amayenda njira yomweyo.

Tsono mau anga akulu ali kwa inu mafumu. Ndondomeko ya malo ya chaka cha 2002 inanena poyera kuti madambo ndi malo odyetsa ziweto m'chilimwe ndi a anthu onse a m'deralo, si a banja limodzi. Ndiponso lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo, momwe Agulupu ndiwo apampando, pamodzi ndi anthu 6 osankhidwa, osachepera atatu mwa iwo akhale amai. Kotero mlendo akafika madzulo ndi kalata kuti mudindepo chidindo, musafulumire, chinkana abwere ndi nkhuku m'manja. Kalata imeneyo akaionetsa ku Khonsolo monga umboni wakuti mudzi wonse wavomera. Yambani mwaitana komiti ndi eni madimba, makamaka amai, pakuti ndiwo atunga madzi.

Mukamva kuti pempho lafika ku Khonsolo, uzani Gogo Chalo ndi khansala wanu, ndipo lembani kalata yanuyanu. Musangoti tikukana. Nenani mabanja angati alima dimba pamenepo, ng'ombe zingati zimwa pamenepo, zitsime zili potani. Pemphani kuti a komiti adzaone malowo ndi maso ao mwezi wa February, madzi ali tho, asadze mu September pamene dambo lioneka ngati bwalo la mpira. Akafika, atengeni nkhalamba za m'mudzi ziwalozere pamene madzi analekeza chaka cha mvula yambiri, ndipo mukhomepo zikhomo iwo ali kuona. Mlangizi wa kwanu adzakuthandizani kuyeza ndi kulemba, popanda malipiro.